Kachingwe Kofiira ka Thukten

Lolemba, 8 Epulo, Phakding

Tafika. Ndege sinagwe, Bambo sanagwe, koma ine ndatsala pang'ono kuwakankhira mumtsinje.

Zaka 11 ndikuperekeza alendo njira imeneyi, kuchokera ku Lukla mpaka ku msasa wa patsinde pa phiri la Chomolungma. Ndaperekezapo Mjeremani wotsegula m'mimba masiku asanu ndi anayi. Ndaperekezapo banja la ku Korea lomwe linkasudzulana njira yonse. Onsewo kunali kupuma. Mlendo wovuta ndi bambo wako wokubala.

Titangotsika ndege ndawauza malamulo anga: kuyenda pang'onopang'ono, madzi ambiri, mowa ayi, ndipo kawiri tidzapuma tsiku lathunthu kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Andiyang'ana ngati ndati ndiwaphunzitse kutafuna.

"Yangji, pansonga pa phiri lija ndapondapo kasanu ndi kamodzi. Iwe ukukodzera pogona."

Zoona. Koma komaliza ndi zaka 17 zapitazo, ndipo chiyambire angokhala pampando mu shopu yawo ya mikanda ku Kathmandu, mimba n'kumakula. Ali ndi zaka 67. Ndanena zimenezi mwaulemu wonse. Ati, "Phiri siligwira Msherpa ngati ine. Limagwira azungu akowo."

Ndilembe chomwe tikupitira, kuti ndikafuna kuwasiya panjira ndiziwerenga. Mlongo wanga wamwamuna, Thukten, ali ku msasa, chaka chake choyamba kugwira ntchito ya pamwamba pa phiri. Lachiwiri pa 16 a lama, ansembe athu, adzachita pemphero la pa msasa, ndipo m'mawa mwake Thukten adzalowa ndi katundu mu ayezi wosweka uja, momwe zibuma zazikulu ngati nyumba zimagwa tsiku lomwe zafuna. Zaka ziwiri zapitazo anapempha chilolezo kwa Bambo, Bambo anati ayi, iye anatuluka osatseka n'chitseko chomwe. Chiyambire sanalankhulane. Ndiye sabata yatha Bambo anangodzuka n'kuti akufuna akamumange kachingwe kodalitsidwa m'khosi ndi manja awo. Munthu salowa mu ayezi bambo ake ali naye chakukhosi, zimenezo n'zosakambirana.

Akamvera, tifika Lolemba, kutatsala tsiku. Akamvera.

Lachiwiri, 9 Epulo, Namche

Chitunda cha Namche achikwera ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Anaona gulu la achinyamata a ku Australia kutsogolo, basi nkhondo. Awapitirira akuimba. Ndawapeza pamwamba atatsamira mwala, milomo yotuwa, akuti akuonerera malo. Malo ake ati, kunali nkhungu yokhayokha.

Ndatulutsa kankhanu kanga, kaja ndimapanitsa alendo pachala kuti ndione mpweya m'magazi. Ine 93. Iwo 86. Ati kankhanuko kanapangidwira zala za azungu.

Kenako maulendo. Munthu aliyense wa imvi muno akuwadziwa, ndiye talowa nyumba zinayi. Paliponse sewero lomwelo:

"Imwani, a Urken."
"Ayi, ayi, ndamwa kale."
"Imwani."
"Ayi ndithu, musavutike."
"Imwani, chonde."
"Poti mwakakamira."

Kapu imodzi ya tiyi wa mchere kudya mphindi khumi isanafike pakamwa. Ine zimenezi zinandichoka. Mlendo wanga ndikamufunsa za tiyi amati inde kapena ayi, nkhani yatha, tonse tapita kokagona.

Choipa n'chakuti nyumba yachitatu sanatulutse tiyi, anatulutsa chang. Ndati, "Ayi, amayi, Bambo sakumwa mowa ulendo uno." Mayiyo amwetulira, ati mwana waulemu, n'kudzaza mbale mpaka m'milomo. Ndati ayi kachiwiri, mokweza. Awonjezera. Muno ukakana ndi mtima wonse amangoti unaleredwa bwino.

Lachitatu, 10 Epulo, Deboche

Lero linali tsiku lopuma. Ndadzuka, bedi lawo loyalula, iwo ali kale panjira ndi ndodo. Akuti wopuma pa Namche ndi wodzagula zipewa. Ndawathamangira maola awiri ndi zikwama ziwiri, ndipo sindilemba zomwe ndimanena m'njiramo.

Lachinayi, 11 Epulo, Pangboche

Tapita kwa a lama m'mawa. Adalitsa kachingwe, kofiira, auzira mpweya pamfundo, aponya mpunga. Bambo akalandira ndi manja awiri, akakulunga mu kansalu koyera, akaika m'thumba la pachifuwa. Kuchokera pamenepo dzanja lawo silikuchoka pathumbapo. Ndinawamvera chisoni pang'ono, mwina mphindi makumi awiri.

Potuluka takumana ndi a Gyalzen, mnzawo wakale yemwe ankakwera naye phiri pachingwe chimodzi. Pano amasunga mahatchi awiri onyamula alendo otopa. Mano atsala atatu, onse oseka.

"Urken, ndiwe? Ndimayesa mwini banki. Mimbayo wabisamo chiyani?"
"Nyama yomwe iwe sungatafune."

Basi akumbatirana, akhala pansi, chang wabwera. Ayi, ayi. Ayi ndithu. Poti mwakakamira.

Madzulo ndawapana kankhanu, manja ali pansi pa tebulo chifukwa akuti kukuzizira. Katuluka 94. Ndinasangalala, ndinayamba kuganiza kuti mwina ine ndi amene ndili ndi vuto. Ndiye ndaona a Gyalzen akuyang'ana kudenga ngati mwana woba shuga. Ndaweramira pansi pa tebulo, kankhanu kali pachala cha a Gyalzen. Amuna awiri, zaka zawo kuphatikiza zoposa 130.

Ndabwereza pachala chenicheni. 80. Ndawauza kuti samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ati nkhwangwa za phiri lino amazidziwa zonse ndi maina.

Lachisanu, 12 Epulo, Dingboche

Mpunga ndi mphodza asiya theka. Bambo anga, omwe amapukuta mbale ndi chala mpaka kuonamo nkhope. Ndafunsa ngati mutu ukuwawa, ati mutu wawo ukuwawa ndi mafunso. Msuzi wa adyo okha ndi womwe amwa.

A Gyalzen atitsatira ndi hatchi imodzi, akuti ali ndi zochita kumtunda. Zochita zake palibe, ndawaona momwe akuwayang'anira Bambo akamapuma. Ndiye ndati, "Bambo, mawa tipume. Mukakana kupuma, kwerani hatchi."

"Ine? Pahatchi? Ngati thumba la mbatata? Ayi."

Ndati chabwino, zanu izo. Ndatuluka kukakhala kuseri ndi mayaki, ng'ombe za m'mapiri muno, omwe akamva belu amatsata.

Ndamuimbira Thukten. Mawu ake akudukaduka, mphepo. Ndamuuza kuti tili pa Dingboche ndi Bambo. Iye: "Akubwera kudzandibweza?" Ndati ayi. "Ngati akubwera kudzandibweza awuze asavutike." Ndati wagontha kodi, ndati ayi. Wati akumuitana kukhitchini, wadula. Mwana ameneyu ndi Bambo anasiyana mimba yokha.

Loweruka, 13 Epulo, Lobuche

Sitinapume. Ndatopa n'kulemba chiganizo chimenechi.

Chitunda cha Thukla chatidyera maola awiri ndi theka. Lero sanaimbe. Mapazi khumi, kuima. Mapazi khumi, kumanga chingwe cha nsapato chomwe sichinamasuke. Pamwamba, pa miyulu ya miyala ya omwe anatsala m'phiri, ayenda mmodzimmodzi kufunafuna maina. Apeza asanu. Pa uliwonse aika mwala, aima nthawi yaitali. Poyamba ndimati akubisa befu. Kenako ndawamva akuuza mulu wina kuti, "Mwana wanga walowa ntchito yathu ija." Atatu mwa asanuwo anafera mu ayezi momwe Thukten akupita Lachitatu. Ndimadziwa, koma sindinaziwerengepo ndili chiimire pamenepo.

Tagona kwa azakhali a Zangmu, mlongo wawo wamkulu wa Bambo, omwe ali ndi nyumba ya alendo pano zaka makumi atatu. Atangowaona ati, "Urken, wabwera kudzandifera pakhomo nyengo ya alendo?" Bambo ayesa kuseka, kwatuluka chifuwa.

Kankhanu 71. Ndawapatsa mankhwala, amwa atatembenukira kukhoma kuti azakhali asaone. Msasa uli maola asanu kuchokera pano. Akuti mawa tifika. Ndili ndi mantha, ndipo manthawo akundipsetsa mtima kuposa iwo.

Lamulungu, 14 Epulo, Pheriche

Ndilemba bwinobwino.

M'mawa ndawapeza atakhala pabedi, nsapato imodzi kuphazi, inayo akungoiyang'ana. Akamapuma m'chifuwa mukumveka ngati ketulo yoyamba kuwira. 62. Ndaonapo zimenezi kawiri pa alendo. Mmodzi tinamutsitsa msanga, ali moyo. Winayo anakana.

Ndawauza kuti tikutsika tsopano lino, pahatchi, kwa adokotala a ku Pheriche. Ati ayi. Ndawaonetsa nambala. Ati ayi. Ndati m'mapapo mwanu mukulowa madzi, mukakwera mufa musanafike ndi pa Gorak Shep pomwe. Dzanja pathumba la kachingwe, ayi. Ndiye ndakalipa. Ndawakalipira bambo anga, alendo akumva m'chipinda chodyera. Ndati ndinu nkhalamba yamakani, mukufuna Thukten alowe mu ayezi atangokuikani m'manda, limenelo ndiye dalitso lanu. Atembenukira kuwindo.

Ndalowa kukhitchini ndikulira ndi ukali. Azakhali akusenda mbatata, osatukula n'mutu womwe.

"Wawapempha kangati?"
"Ndawauza kakhumi."
"Sindinati kuwauza. Kuwapempha."
Ndati azakhali, munthu akufa, si nthawi ya miyambo ino.
Aika mpeni pansi. "Iwe umati ukapereka tiyi kamodzi, munthu n'kuti ayi, umabweza ketulo pamoto? Anakulera ndani? Za hatchi unafunsa kangati?"
Ndati kamodzi, pa Dingboche.
"Ndiye anati ayi, iwe n'kupita kukacheza ndi mayaki. Gyalzen wandiuza. Munthuyo wakwera Thukla yense akudikira kuti ufunsenso. Mwamuna ngati ameneyo akavomera koyamba ndi wosusuka. Akavomera kachiwiri ndi wofooka. Kachitatu ndiye akukuchitira iwe chifundo. Pita ukamupatse mpata akuchitire chifundo, usanandiphere mlongo wanga ndi chizungu chakocho."

 

Ndapukuta kumaso, ndabwerera. Ndagwada, ndatenga nsapato ija ndi manja awiri ngati kapu ya mlendo.

"Bambo, kwerani hatchi titsike."
"Ayi, ayi."
"Kwerani, Bambo."
"Ayi ndithu, usavutike, ndili bwino."
Apa ndinatsala pang'ono kuwagenda nayo nsapatoyo. 
"Bambo, chonde. Kwerani chifukwa cha ine."

Andiyang'ana. Apuma kawiri, ketulo ija ikulira. Atambasula phazi.

"Poti wakakamira."

Sizinathe n'mphindi imodzi yomwe. Ine ndakhala ndikumenyana nawo masiku asanu ndi limodzi.

A Gyalzen anali atamanga kale chishalo panja, kaya kuyambira nthawi yanji. Tatsika, ine mbali ino, iwo mbali inayo, Bambo pakati ngati thumba la mbatata ndithu. Palibe wanena zimenezo. Titadutsa miyulu ija, Bambo alankhula osandiyang'ana:

"Nonse awiri ndinu chimodzimodzi. Thukten naye anafunsa kamodzi."

Ndaima panjira. Ndati mukutanthauza kuti akanafunsanso mukanalola?

"Bambo wanji amalola mwana wake kulowa mu ayezi pa funso loyamba? Ndinadikira tsiku lonse. Amayi ako anaphika. Iye anali atakwera kale basi."

Zaka ziwiri. Amayi kulira pa Losar iwiri, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, ine kunyamula mauthenga uku ndi uku ngati wa positi, chifukwa cha mafunso awiri omwe sanafunsidwe. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawamenyanitsa mitu.

Adokotala awaika pa mpweya. Pofika madzulo 85, ndipo ayamba kudandaula kuti tiyi wa pano ndi madzi otsukira mbale, ndiye kuti achira. Koma kukwera ayi, chaka chino ayi. Sanatsutse. Atulutsa kansalu koyera kaja, andipatsa. "Ukamumange ndiwe. Mfundo ziwiri." Ndati ayi. Sindinachite dala, zinangotuluka. Amwetulira koyamba chichokere ku Lukla, andipatsanso kawiri.

Lolemba, 15 Epulo, ku msasa

Pheriche mpaka kuno tsiku limodzi, maola asanu ndi atatu. Miyendo si yanga. A Gyalzen atsala ndi Bambo, akuti awaphunzitsa njuga.

Thukten ndamupeza akusanja mabotolo a mpweya kuseri kwa hema wa khitchini. Waonda, mphuno yasupuka ndi dzuwa. Wayang'ana kumbuyo kwanga kaye asanandipatse moni. Ndamuuza zonse. Atamva 62 wakhala pansi pa bokosi.

Ndamuonetsa kachingwe. Watambasula dzanja, ndakabweza m'thumba.

"Si kanga kodi?"
Ndati n'kako, koma ufunse kaye.
"Ndinafunsa, achemwali. Anakana pamaso panu."
Ndati unafunsa kangati.
Wandiyang'ana ngati ndapenga. "Imeneyi si kapu ya tiyi. Ndi moyo wanga."
Ndati nanenso dzulo ndimanena zomwezo, ndipo azakhali a Zangmu ananditsuka pamaso pa mbatata.

Wakana. Akuti iye si mwana, ntchito anaipeza yekha, sangakagwade pafoni kuti anyozedwenso. Ndati chabwino. Ndadya, ndafunsanso. Wakana, koma motsitsa mawu. Ndamusiya agone nazo. Ndaphunzira kuwerenga mpaka pa zitatu.

Lachiwiri, 16 Epulo, ku msasa

Pemphero layamba dzuwa litangogunda mahema. Utsi wa mkungudza, a lama akuwerenga, nkhwangwa za ayezi ndi zingwe za anyamata zitatsamira guwa la miyala. Kumtunda ayezi akungolira yekha, kuthyoka apa ndi apo. Aliyense amachita ngati sakumva.

Asanaimike mlongoti wa mbendera ndapita pomwe anakhala Thukten. Ndagwira foni ndi manja awiri. Ndati mlongo wanga, chonde, chifukwa cha ine. Anzake akutiyang'ana. Wapukusa mutu, wailanda, tapita kuseri kwa mwala komwe mafoni amagwira. Ndamuuza aike pokweza, sindinayende mtunda wonsewu kuti ndimve theka.

Ayankha a Gyalzen, akuti dikirani, nkhalamba ikubera pa njuga. Kenako kupuma kwa Bambo.

"Bambo, ndine Thukten."
"Ndakumva."
"Mawa ndikulowa mu ayezi. Ndikupempha mundilole."
"Ayi."

Nkhope ya Thukten yauma. Chala chake chapita pa batani lodulira. Ndamuponda phazi ndi nsapato yanga yonse.

"Bambo, ndiloleni."
"Ayi ndithu. Malo amenewo anandidyera anzanga atatu. Bwerera, shopu ilipo."

Imeneyi sinali ayi ya tiyi. Ndinaopa kuti mwina ine ndi azakhali talakwitsa, kuti mwana uyu ndamubweretsa kuseri kwa mwala kudzamupweteka kachiwiri. Thukten wandiyang'ana, maso ofiira. Ndamuonetsa zala zitatu, china ndikanachita chiyani.

 Wagwada pa miyala, foni ili m'manja, ngati Bambo akumuona.

"Bambo, chonde. Sindikufuna kulowamo inu musanandilole."

Chifuwa. Ndayang'ana ngati foni yaduka. Kumbuyo kwathu anyamata akuwa, mlongoti waima, ayamba kuponya ufa m'mwamba.

"Poti wakakamira," atero Bambo, mawu osakhala awo. Kenako mofulumira, ngati akalipa: "Uzinyamuka kusanache. Pa makwerero usayang'ane pansi, uziyang'ana pomwe ukuponda. Usaime pansi pa chibuma ngakhale mzungu akufuna chithunzi. Wavala masokosi angati? Mlongo wako ali pomwepo? Akumange."

Thukten akungoti inde, Bambo, inde, Bambo, mamina ali mbwee, mwamuna wa zaka 26.

Ndamasula kansalu. Zala zanga zouma ndi kuzizira, kachingwe kakuterera. Wina wadutsa n'kutipaka ufa m'masaya tonse awiri, kuti tidzafike pa imvi. Ndamanga mfundo yoyamba, yachiwiri.

"Basi, achemwali, yakwana. Mukundikanyanga pakhosi."

Ndamanga ina.